Khoma Limene Linkamwa Mkaka Wanga

Nkhani iyi ndi ya ife akazi. Amuna akafuna kumva amve, makutu alibe chitseko, koma asadzandifunse malo. Ine ndine Dolika, make Siyeni. Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi, ndiye mawu ena akapendama musaseke. Ingomvani zimene zinandionekera chaka chija ankamanga chidikiro pachipatala chathu chaching'ono, pamene ndinatsala pang'ono kutaya mwana wachiwiri chifukwa cha woyamba.

Chidikiro mukuchidziwa, nyumba imene amayi apakati amakadikiriramo tsiku lawo. Koma ichi sichinali ngati zinazo. Anati ndi nyumba ya m'tsogolo, nyumba yomva. Mabuloko ake tinkaumba pomwepo, mchenga ndi simenti ngati ena onse, kungoti simenti isanaume, m'buloko lililonse lachikhumi ankakwiriramo kanthu kakuda konga njere ya nsatsi, ka timichira tiwiri tawaya. A injiniya ankati ndi masensa. Ife tinkangoti makutu. Timakutu timeneti tinkamva kutentha, chinyezi, kulemera, ngakhale kunjenjemera kwa khoma, n'kumauza chifoni chachikulu chimene a injiniya ankayenda nacho m'khwapa.

A injiniyawo anali mayi, a Likongwe, ochokera ku Blantyre, amsinkhu wanga womwewu koma ovala jombo ndi chisoti cholimba. Tsiku loyamba anatisonkhanitsa pansi pa mtengo wa keshya.

"Nyumba iyi ikatentha izidzatsegula yokha mazenera a m'mwamba," anatero. "Denga likadontha idzanena. Mayi akagwa m'bafa, simenti ya pansiyo idzaitana anamwino."

A Gomiwa, kapitawo wathu, anakanda chibwano. "Ndiye kuti ikandiona ndakhala pamthunzi idzandineneranso? Mwatibweretsera apongozi, a injiniya."

Tonse tinaseka, ine ndemwe.

Ntchito yanga inali kuthirira. Buloko likaumbidwa limafuna madzi masiku angapo kuti likhwime, ndipo awa ankapempha okha. Chifoni chikalira, a injiniya ankati, "Make Siyeni, mzere wachitatu uli ndi ludzu." Ine kheni m'manja, Siyeni kumsana, wa miyezi inayi, wonenepa moti khosi silinkaoneka. Bambo ake anali ku Kasungu kufodya, ndiye ganyu ameneyu ndi amene ankatidyetsa.

Ndisanapite patali ndikuuzeni za mchenga, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Kwathu kuno mwana akabadwa ali wakufa kale timati nthayo. Salirirwa, sapatsidwa dzina, sapita kumanda kwa anthu. Amayi okhaokha amamukulunga m'kansalu n'kukamuika mumchenga wa m'mbali mwa khwawa, pamwamba pomwe, poti ukakumba mozama wamutsekera make mimba. Amuna sauzidwa malo. Pakapita masiku, make amapita kukafinyira timadontho ta mkaka pamenepo, kumutsanzika, kuti asamabwere kudzaufuna. Wanga woyamba anapita choncho, zaka ziwiri Siyeni asanabadwe. Anakamuika a Nazimbiri, mayi anga aang'ono, ine ndili chigonere kuchipatala chachikulu, magazi osaleka. Potuluka kumeneko mkaka unali utauma, mvula itayamba, khwawa litadzaza. A Nazimbiri anati, "Zisiye, madzi atsuka." Ndinazisiya.

Ndiye a injiniya atayesa mchenga wa malo atatu, chifoni chawo chinasankha wa pakhwawa la Kachule. Woyera mbee, wopanda dothi. A Gomiwa anabwera ndi thipa, chilole chonyamula mchenga, n'kutilemba amayi asanu ndi mmodzi kuti tizipakira. Tinayang'anana. Aliyense ankadziwa chimene chili kumunsi kwa bango, koma unganene bwanji kwa mwamuna, dalaivala ali pompo akusuta fodya? A Nazimbiri anatinong'oneza kuti tikumbe chakumtunda, bangolo tisaliyandikire. Tsiku loyamba tinaterodi. Lachiwiri mchenga wakumtunda unatha. Thipa inabwerera chafutambuyo mpaka matayala kukhudza bango, a Gomiwa akuomba m'manja kuti tikuchedwetsa amisiri.

Fosholo yanga inatukula kachidutswa ka nsalu yachikasu, yamawanga a nkhanga. Theka lina la chitenje chimenecho linali kumsana kwanga, ndaberekera Siyeni.

Ndinaima, fosholo m'malere.

"Mwaona njoka, mayi?" anafunsa a Gomiwa.

Ndinaponya m'thipa.

Mchenga wa tsiku limenelo ndi umene unaumba mabuloko a khoma la kum'mawa.

Choyamba linali ludzu. Makoma enawo patatha masabata awiri analeka kupempha madzi. La kum'mawa ayi. Chifoni kulira m'mawa, kulira masana. Ndikathira kheni yonse, madzi ankangolowa osatsetsereka n'komwe, ndikatembenuka pauma kale. A injiniya anati mwina n'chifukwa dzuwa limayambira kumeneko.

Kenako kunabwera kutentha. Unali mwezi wa Juni, m'mawa mame ali waa, zala zosagwira chingwe cha ndowa. Makoma onse ozizira ngati mwala wa pamtsinje, koma la kum'mawa lofunda dzuwa lisanatuluke. Amisiri anayamba kumwera tiyi pamenepo, misana atatsamiritsa.

"Khomali lili ndi malungo," anatero a Gomiwa. "A injiniya, mulimwetse panado."

A injiniya sanaseke. Anali kuyang'ana pachifoni, milomo ataifumbata. Ine ndinali pafupi, ndikudzaza kheni, ndiye ndinamva akudzilankhulira. "Si khoma lonse. Malo khumi ndi awiri okha. Ndipo n'kutentha kwa thupi la munthu."

Anaitanitsa makutu ena kutauni, poganiza kuti oyambawo ndi owonongeka. Anawamata pambali pa akalewo. Atsopanowo ananena zomwezo.

Tinthu tinayamba kusowa. Sokosi imodzi ya Siyeni. Kachisekese kake kamene ndinamupangira ndi zitsekerero za mabotolo. Kasupuni ka mayi wina amene ankabwera ndi mwana ngati ine. Za akuluakulu sizinkasowa, foni ya mmisiri inagona panja osakhudzidwa. Tinthuto ndinkatipeza ndekha m'mawa pothirira, m'munsi mwa khoma lomwelo, titandandalikidwa bwinobwino, tonyowa.

Tsiku lina Siyeni anaipitsira chitenje chachikasu chija. Ndinachichapa, n'kuchiyanika pathabwa pafupi ndi khomalo. Pokachitenga, ngodya yake imodzi inali italowa pakati pa mabuloko awiri, m'simenti imene inauma kalekale. Ndinakoka, osatuluka. Ndinakokanso, ndipo ndikulumbira, chinakokedwa kubwerera, pang'ono chabe, monga mwana amachitira akagwira nsalu yako ali m'tulo. Ndinang'amba ndi mano. Sindinauze munthu.

Sabata yomweyo, dzuwa lili paliwombo, ndikuchokera kumjigo ndi ndowa pamutu, ndinakumana ndi mayi wachilendo pamsewu. Anamanga chitenje pachifuwa ngati wabereka, koma kumsana kunali pululu, nsalu yokha. Mvula inaleka mu Epulo, fumbi lili tolotolo, koma mapazi ake anali onyowa, mchenga utamatirira.

"Zikomo amayi," anatero, mawu apansipansi. "Kodi ana aja anawasamutsira kuti?"

"Ana ati?"

Anayang'ana kuchidikiro nthawi yaitali. Ndinamva fungo la ndere. Ndowa inapendama, ndinakweza manja kuikonza, ndipo potsitsa maso anali atafika kale pageti la chipatala, mtunda woti ine ndikanayenda mphindi zisanu.

Nditawauza a Nazimbiri, anafunsa chimodzi chokha. "Anali ndi chipsera apa, pachipumi?"

"Eya."

Anatsegula kabotolo kawo ka fodya wamphuno. "Usamayankhe anthu a pamsewu, iwe," anatero, n'kulowa m'nyumba.

Tsopano mvetserani, poti apa ndi pamene panandithera nzeru. Mkaka wanga unayamba kusankha malo. Kunyumba ndikamuika Siyeni kubere, ankakoka, kukoka, osatuluka kanthu, mpaka kulira mokwiya. Koma ndikangofika pantchito n'kuyandikira khoma la kum'mawa, mawere ankalasa ngati singano, mkaka n'kumachucha wokha mpaka bulauzi kunyowa. Ndinati chabwino, ndizimuyamwitsira pomwepo. Ndinakhala pansi, msana kukhoma, n'kumutembenuza. Mwana anakana. Anapotoza mutu, n'kumakankha ndi timanja, maso ali pakhoma kuseri kwa phewa langa, ngati pali wina wamuyamba kale. Mkaka unkadonthera pansi, m'munsi mwa khoma, ndipo sunkasiya banga.

Kusikelo anamwino anandipatsa mkaka wa m'chitini, kuti ndizimumwetsa ndi kapu. Ankalavula. Anamugoneka masiku atatu ndi diripi, anatsitsimuka pang'ono, titatuluka zinabwereranso. Mzere wa pakhadi lake, umene unkakwera mwezi ndi mwezi, unayamba kuloza pansi. Khosi lija linaoneka. Timikanda ta m'chiuno tinkatsika tokha mpaka m'maondo. Liwombo linalowa moti mukanathiramo madzi akanakhala. Ankalira opanda misozi, kenako analeka n'kulira komwe, kumangotsegula kukamwa.

Lachinayi anamwino anandiuza kuti likafika Lolemba asanasinthe, atitumiza kuchipatala chachikulu. Ine kumeneko ndinapitako kale, ndinabwerako manja ali lende.

Ndinapita kwa a Nazimbiri, ndinawapeza akusankha nyemba pakhonde.

"Amayi, tiwauze a injiniya."

"Tiwauze chiyani?"

"Mukudziwa."

"Sindikudziwa kanthu ine. Ndinapakira mchenga, basi." Anataya kanyemba kofumbwa kutali. "Ukatsegula pakamwa, tonse asanu ndi mmodzi tathera pomwepo. Mudzi wonse udzati tinapereka ana athu ku simenti. Amuna ako akamva kuti unaona nsalu n'kuponya, ukuganiza adzabwerako ku Kasunguko?"

"Ndiye Siyeni afe?"

"Leka kupitako kuntchitoko. Chikakusowa chikuiwala."

Ndinamvera. Lachisanu sindinapite. Mawere anaphwa ngati matumba opanda kanthu. Ndinakhala tsiku lonse ndikudonthezera madzi a shuga m'kamwa mwa mwana ndi chala, ambiri akubwerera m'mbali. Loweruka m'mawa ndinamutsina pamimba pang'ono, khungu linakhala chiimire osabwerera.

Cha m'ma teni koloko ndinamva odi. Anali a injiniya, okha, opanda chisoti, chifoni chili m'khwapa. Ndinawayalira mphasa. Anamuyang'ana Siyeni, n'kuyang'ana kumbali.

"Make Siyeni, ndikufunseni chinthu, musandiseke. Ndapita kusukulu zaka zambiri koma ichi chandikanika." Anayatsa chifonicho. Panali timizere khumi ndi tiwiri, tikudumphadumpha. "Makutu aja amamva kunjenjemera kwa khoma. Ndakhala ndikudziuza kuti ndi jenereta ya chipatala. Dzulo ndinawapempha aizimitse. Sizinasiye. Ndiye ndinauza foniyi kuti isandutse kunjenjemerako kukhala phokoso."

Anadina.

Amayi anzanga, mukukumbukira kusikelo, anamwino akakupaka mafuta ozizira pamimba n'kuikapo kamakina kaja? Kaphokoso kaja kothamanga, kofulumira kuposa mtima wa munthu wamkulu? Kameneko. Osati kamodzi. Tambiri, tikupondana, ngati mvula ikuyamba padenga la malata.

Siyeni, amene anali asanagwedezeke chiyambire m'mawa, anatembenuzira mutu kufoniko.

"Uwu ndi wachisanu ndi chiwiri," anatero a injiniya, akuloza mzere umodzi. "Ndabwerera m'mbuyo masabata onse. Nthawi iliyonse mukamadutsa ndi kheni, umathamanga. Ena onse akadutsa, ayi. Chilekereni kubwera, sunapume. Taonani."

Mzerewo unkadumpha ngati nkhuku yodulidwa mutu.

Ndinawauza zonse. Za nthayo, za bango, za kansalu ka pafosholo, za mkaka umene sindinakafinye. Ndinkayembekeza kuti anditukwana, kapena aseke kuti za kumudzi. Koma anangopotokola mphete pachala chawo.

"Bwanji simunanene tsiku lomwelo?"

"Kwa a Gomiwa?"

"Kwa ine."

"Inu munali kuofesi. Ndiponso munkavala ngati iwo, ndiye tinkakuwerengerani konko."

Anapumira m'mwamba. "Mukufuna chichitike n'chiyani?"

"Ndimuchotsemo. Ndikamubwezere kwawo, ndimutsanzike."

"Khoma limenelo ndikangolikanda, mabwana anga ku Blantyre adziwa ola lomwelo. Limanena lokha." Anayang'ananso Siyeni. "Koma malamulo amalola kudula kachidutswa kokayesa kulimba kwa simenti. Ndilemba choncho. Makina obowolera alipo. A Gomiwa amawadziwa."

"Amuna ayi."

"Ndiye ndibowola ndekha."

Loweruka amisiri amaweruka thwelofu. Tinafika cha m'ma wani, ine ndi mwana kumsana, wopepuka ngati ndabereka nsalu yokha. A Nazimbiri ndinachita kuwagwadira pakhomo pawo. Anabwera akung'ung'udza njira yonse kuti ine ndine mwana wosamva ngati mayi anga.

A Gomiwa anali akadalipo, akutseka sitolo ya zipangizo. Ataona a injiniya akukoka makinawo anathamangira.

"Pepani a injiniya, chimenechi chimakankha ngati bulu. Ndigwireni ine."

"Zikomo a Gomiwa. Pitani mukapume. Mutengenso alonda, mukawagulire tiyi."

Anatiyang'ana tonse atatu, n'kuyang'ana mwana. Nthabwala imene inali pakamwa pawo anaimeza. "Ndamva," anatero, n'kuvula chipewa podutsa pafupi nafe. Mpaka lero sanandifunsepo.

A injiniya anaika chifoni pansi, phokoso lija likumveka. Ndinapereka Siyeni kwa a Nazimbiri, n'kuyamba kuyenda m'mbali mwa khoma pang'onopang'ono, chikhatho chili pasimenti. Pafupi ndi zenera lachiwiri, m'munsi, pofika m'bondo, mawere analasa. Kaphokoso kamodzi kanakwera pamwamba pa tinzake.

"Pamenepo," anatero a injiniya.

Ndinagwada. Pulasitala wa pamenepo anali ndi timaenje tinayi tating'ono mondondozana, ndi kachisanu chapambali, ngati pagwira kadzanja ka khanda. Sindinatiyang'ane kawiri.

Makinawo ali ngati chitini chachitali cha mano, chimazungulira uku wina akuthira madzi. Wothira ndinali ine. Mano atangoluma khoma, timitima tonse khumi ndi tiwiri tinathamanga pamodzi mpaka foni kunjenjemera pansi. A injiniya anazimitsa makina, thukuta lili kamukamu.

"Sindingathe," anatero.

Kumbuyo kwathu a Nazimbiri anayamba kung'ung'uza kanyimbo kotonthozera mwana, kopanda mawu, kapakhosi chabe, uku akugwedeza Siyeni. Sindikudziwa ngati ankaimbira iye. Pang'ono ndi pang'ono phokoso lija linatsika, mmodzi mmodzi, mpaka kutsala kamodzi kokha kothamanga.

"Bowolani," anatero a Nazimbiri. "Ndisanatope."

Madzi otuluka m'bowomo anali oyera. A injiniya anati ndi simenti imatero. Koma ine ndinamva fungo la mkaka.

Chinatuluka chidutswa chonga chitsononkho chachikulu, kakhutu kakuda kaja kali m'kati. A injiniya anachilandira ndi manja awiri n'kundipatsa msangamsanga. Chinali chofunda. Chinali cholemera kuposa kukula kwake, ndipo kulemerako manja anga anakudziwa ngakhale sanakunyamulepo. Ndinachikulunga m'chitenje chachikasu chija, chonse.

Mwana wamoyo sapita naye kukhwawako, ndiye Siyeni tinamusiya m'manja mwa a injiniya. Anamulandira mwamantha, ngati dzira losweka kale.

"Mukachedwa?"

"Musamuike pansi," ndinatero. "Muzimuitana dzina."

Ku Kachule ndi mtunda wa theka la ola. Tinadutsa m'minda, osati mumsewu. Dzuwa linali likuotcha koma a Nazimbiri ankazizidwa. Pabango panali chidzenje chimene thipa inasiya, m'munsi mwake mutadikha timadzi tobiriwira. M'mphepete mwa dzenjelo munali mapazi a munthu mmodzi, opanda nsapato, ozungulira, kuzungulira, kuzungulira.

Tinasankha malo pansi pa bango lenileni, pamene fosholo siingafike. Ndinakumba ndi manja. Nditafika m'chigongono a Nazimbiri anandigwira phewa.

"Basi. Ukufuna kutseka mimba?"

Ndinachigoneka chammbali, n'kukwirira. Kenako ndinatulutsa bere. Linali lolimba ngati mwala, koma nditafinya sipanatuluke kanthu. Ndinafinyanso mpaka kuona nyenyezi. Kanthu ayi.

"Lankhula naye," anatero a Nazimbiri.

"Ndimutchule ndani? Alibe dzina."

"Akudziwa mawu ako. Miyezi isanu ndi inayi ankamva ndani?"

Kulira n'koletsedwa pamalo pamenepo, ndiye ndinaluma mlomo mpaka kulawa magazi. Ndinati, "Ndine mayi ako. Ndinachedwa. Ndinakuona pafosholo ndipo ndinakuponya, palibe anandigwira dzanja. Mkaka wako ndi uwu, imwa ukhute. Wotsalawo umusiyire mng'ono wako, nayenso ndi wanga."

Unatuluka. Osati timadontho, unachita kuthamanga, mbali zonse ziwiri, n'kumalowa mumchenga osasiya banga. Ndinagwada choncho mpaka maondo kuchita dzanzi. Kenako pamchenga panayamba kuoneka poyera. Panakula, n'kukhala kathamanda. Mchenga unali utaleka kumwa.

"Wakhuta," anatero a Nazimbiri. "Dzuka. Usacheuke."

Pobwerera ndinathamanga, a Nazimbiri ndinawasiya m'minda. Ndili patali ndinaona a injiniya ataima pageti, mwana ali m'manja, ndipo nditaona momwe anaimira ndinawonjezera liwiro.

"Foniyi siimva kutali kuposa mpandawu," anatero nditafika. "Koma wachisanu ndi chiwiri unkagundabe inu mutapita. Kenako unayamba kuchedwa, kuchedwa, n'kusiya. Nthawi yomweyo mwanayu anafewa. Ndamuitana, make Siyeni. Ndamuitana dzina, sakuyankha."

Ndinamulanda. Mutu unagwera kumbuyo. Maso anali otseguka pang'ono, koyera kokha kukuoneka. Ndinakhala pansi pafumbi pomwepo, n'kumuika bere pamilomo. Palibe. Ndinafinyira dontho pakamwa. Linakhala pamlomo, n'kutsetsereka kutsaya. Lachiwiri chimodzimodzi.

"Ndikaitane anamwino," anatero a injiniya, n'kuthamanga.

Ndinamuuzira kumaso. Ndinamutsina kuphazi. Ndinati, "Siyeni, mkulu wako wakhuta, watsala ndi iwe. Usandichititse manyazi, ndakumba kale kamodzi lero."

Dontho lachitatu linalowa. Ndinaona kalilime kakusuntha, pang'ono ngati nyerere. Kenako milomo inatseka. Anakoka kamodzi, mofooka, n'kupuma nthawi yaitali moti ndinaleka kupuma nanenso. Anakokanso. Pakhosi pake panamveka kumeza.

Anamwino atafika anatipeza choncho, ine pafumbi, mwana akuyamwa, kadzanja kake katagwira bulauzi yanga. Anatigonekabe masiku anayi, ndipo anachita bwino. Koma kuchipatala chachikulu sitinapiteko.

Lolemba m'mawa, ndili pabedi la pafupi ndi zenera, ndinaona amayi ataima pageti la chidikiro amisiri asanafike. Sindinauze munthu, koma nkhani ya akazi imayenda yokha. Analipo asanu ndi atatu, aliyense ndi kansalu kopinda m'manja, osalankhulana. Wina anachokera kutsidya kwa Bunda, wina anali wa imvi. Patsogolo pa onse panali a Nazimbiri.

Madzulo atabwera kudzationa ndinawafunsa. Anayang'ana kudenga.

"Zaka makumi awiri ndi zitatu," anatero. "Inenso anandiuza kuti madzi atsuka."

A injiniya anabowola Loweruka lililonse, awiriawiri, n'kumatseka mabowowo ndi simenti yatsopano. Mabwana awo anawaitanitsa kuti akafotokoze chifukwa chake khoma limodzi likuyesedwa kasanu ndi kanayi. Chimene anakanena sindikudziwa. Nyumba itatha anawasamutsira kumpoto, ndipo Khirisimasi iliyonse amatumiza kadiresi ka Siyeni, nthawi zonse kokulirapo.

Atatu anatsala m'khomamo. Palibe anabwera kudzawatenga, ndipo mwana wa mwini sungamutsanzike ndi mkaka wako. Awiri amayi awo anakwatiwa kutali, sitikudziwa kuti. Wachitatu a Nazimbiri akuti make anali ndi chipsera pachipumi, ndipo anamwalira sabata yomweyo imene anachira.

Chidikiro chinatsegulidwa, ndipo chimachitadi zonse zimene analonjeza. Kukatentha mazenera amatseguka okha. Mayi wina anagwa m'bafa chaka chatha, anamwino anafika iye asanakuwe. Kungoti nthawi zina masana, m'chipinda cha kum'mawa mulibe munthu, simenti ya pansi imawauza anamwino kuti pafupi ndi khoma pagwada wina. Akapita amapeza ponyowa, ndi timchenga.

Siyeni tsopano ali ndi zaka zitatu, ndi uyu akundikoka nsalu kuti ndileke kulemba. Inu mukadzapita kukadikirira kumeneko, mukadzamva khoma likufunda kumsana, musadzasamutse mphasa, ndipo musadzalire. Ingong'ung'uzani kanyimbo kalikonse kamene mukukadziwa. Koma potuluka ndi wanu m'manja, sokosi zake mudzaziwerenge.